Choki ya mfuti ya mipope iwiri: mafunso amene alenje a mbalame amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsiwa ndawatola kwa anzanga amene timasaka limodzi kuno ku England, ndiponso kwa abale a kumudzi ndi a ku Joni amene anasiyiridwa mfuti yakale ndi bambo kapena malume awo. Mfuti imene tikukamba ndi chifefe cha mipope iwiri yogundana m'mbali, chimene Azungu amati side by side, ndipo mbalame zake ndi za kumtunda, zoyenda pansi n'kuuluka modzidzimutsa: grouse, pheasant, zinziri, nkhwali ndi nkhanga. Abakha a m'madambo ndi nkhani ina.

Kodi choki ndi chiyani?

Ndi kuchepa kwa bowo la mpope chakumapeto, pafupi ndi pakamwa pa mfuti. Chifefe sichitulutsa chipolopolo chimodzi. Chimalavula njere za mtovu mazana angapo nthawi imodzi, ndipo njerezo zikangotuluka zimayamba kubalalika. Taganizani munthu wofesa mawere: akatambasula dzanja mbewu imamwazika ponseponse, akafumbata pang'ono imagwera pamalo amodzi. Choki ndiko kufumbatako.

Choki siwonjezera mphamvu ya onga. Imangochedwetsa kubalalika kwa njere, kuti patali zifike zikadali zowirirana.

Mayina akuti quarter, half, full akutanthauza chiyani?

Amisiri amayeza choki ndi muyezo wotchedwa thou, umene ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi. Ma thou 40 ndi pafupifupi milimita imodzi, choncho tikukangana pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Bowo la mfuti ya 12 bore, imene ndi saizi yofala ya chifefe, nthawi zambiri limakhala mainchi 0.729, ndipo choki ndi kusiyana kwa bowolo ndi pakamwa pake.

Ku Britain amawerenga motere: cylinder alibe choki, improved cylinder ndi ma thou pafupifupi 5, quarter ndi 10, half ndi 20, three-quarter ndi 30, full ndi 40. Ku America mayina ndi ena, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Imene iwo amati improved cylinder ndi ma thou 10, ndiye kuti quarter ya ku Britain. Modified yawo ndi half, improved modified ndi three-quarter. Mukamalankhula ndi mmisiri, tchulani manambala. Dzina lokha lingakuchotsetseni chitsulo chimene simunafune kuti chichoke.

Palinso muyezo wina, umene ndi weniweni kuposa woyambawo: kuchuluka kwa njere zimene zagwa m'bwalo lotambalala mainchi 30 munthu akawombera ali pa mayadi 40, amene ndi mamita 36 ndi theka. Cylinder amaika njere 40 pa 100 zilizonse, improved cylinder 50, quarter 55, half 60, three-quarter 65, full 70.

N'chifukwa chiyani mipope iwiriyi ili ndi choki yosiyana?

Chifukwa mbalame ikadzuka pamapazi panu imathawa. Kuwombera koyamba imakhala pafupi, kwachiwiri yatalikira. Mwachizolowezi mpope wa kumanja ndi wotseguka ndipo umawomberedwa ndi thiriga yakutsogolo, pomwe wa kumanzere ndi wothina ndipo thiriga yake ndi yakumbuyo. Ubwino wa mathiriga awiri ndi womwewu: nkhwali ikadzukira patali, chala chimangotsetserekera kumbuyo n'kuyamba ndi mpope wothina, popanda batani lililonse.

Pa uzimba wa kuno, pamene anthu amakusa mbalame kuti ziulukire kumene kwaima owombera, zinthu zimatembenuka. Mbalame imayamba ili patali n'kumayandikira, choncho alenje ena a grouse amayamba ndi thiriga yakumbuyo. Ena amangouza mmisiri kuti mipope yonse ikhale yofanana, mutu usamaganize zambiri.

Ndingadziwe bwanji choki imene ili pa mfuti yanga?

Chotsani mipope n'kuitembenuza. Pansi pake, chakumbuyo, pali zidindo. Mfuti zambiri za ku Italy ndi ku Spain zili ndi nyenyezi: imodzi ndi full, ziwiri three-quarter, zitatu half, zinayi quarter. Za Browning zimawerenga nyenyezi mwa njira yawoyawo, musazisakanize ndi izi. Mfuti zakale za ku Britain zimangolembedwa kuti CHOKE osanena kuchuluka kwake, ndipo mukaona mawu akuti NOT FOR BALL dziwani kuti mfutiyo inayesedwa ku nyumba yoyesera mfuti pakati pa 1875 ndi 1887.

Koma chidindo chimanena za tsiku limene mfuti inatuluka m'fakitale. Pa zaka 60 kapena 100 yadutsa m'manja mwa anthu angati? Mwina wina anatsegula kale choki, mwina anapala bowo pochotsa dzimbiri. Choyezera chenicheni ndi bore gauge, kachitsulo katali kokhala ndi wotchi kumapeto, kamene mmisiri amalowetsa mumpope n'kumakakoka pang'onopang'ono, muvi ukusuntha pamene bowo layamba kuchepa. Tizitsulo tosongoka tongolowetsa pakamwa timanama, chifukwa timayeza pakamwa pokha osadziwa kukula kwa bowo kumbuyo. Chimodzimodzi chizolowezi cha ku America choyesa ngati ndalama ya dime ilowa pakamwa pa mpope.

N'chifukwa chiyani mfuti zakale zambiri zili ndi choki yothina chonchi?

Mbali ina ndi mbiri. W.R. Pape wa ku Newcastle analembetsa luso la choki mu 1866, koma amene analitchukitsa ndi W.W. Greener wa ku Birmingham, mfuti zake zitapambana mpikisano wa magazini ya The Field mu 1875. Dzina lake ndi lomwe lija timamva kwathu anthu akamati wagwidwa ndi mfuti ya Greener. Kuchokera pamenepo ogula ankafuna mfuti yofika patali, ndipo opanga ankawapatsa.

Mbali ina ndi umphawi wamba. Mlimi wa ku America wogula Fox Sterlingworth kapena Stevens 311 ankafuna mfuti imodzi yoti iphe bakha, kalulu ndi nkhandwe yodya nkhuku, choncho zambiri zinkatuluka ndi modified ndi full. Mfuti za Baikal zochokera ku Izhevsk nazonso zimadziwika ndi kuthina. Ogulitsa analinso ndi nzeru yawo: choki yothina mwini wake angathe kuitsegula, koma yotseguka sangaithinitse.

Chachitatu ndi makatiriji. Mfutizi anazipangira makatiriji otsekera onga ndi chinkhupule cha ulusi. Makatiriji ambiri a lero ali ndi kakapu ka pulasitiki kamene kamateteza njere kuti zisaphwanyike mumpope, ndipo njere zosaphwanyika zimauluka mowongoka. Choncho mpope wolembedwa half ungathe kuwombera ngati three-quarter.

Ndingazindikire bwanji kuti choki yanga yathina mopitirira?

Zizindikiro ndi ziwiri ndipo zimayendera limodzi. Mbalame zapafupi mumaziphonya, ndipo imene mwailasa imafika kukhitchini ili nyenyenye, chidali chonse mabowo, mayi a kunyumba akufunsa ngati mwabweretsa ndiwo kapena sefa.

Pa mayadi 20, njere za full zimakhala zitatambalala masentimita pafupifupi 40, pomwe za cylinder zimafika pafupifupi 80. Yerekezani mbale ya nsima ndi lichero lalikulu. Tsono mbalame zambiri za kumtunda, makamaka posaka ndi galu, zimagwa pa mayadi osakwana 30. Alenje ambiri sakhulupirira zimenezi mpaka atayamba kuwerenga mapazi kuchokera pamene anaima kufika pamene mbalame yagwera. Werengani kwa nyengo imodzi yathunthu, muzilemba m'kabuku. Manambala amenewo ndi amene adzasankhe choki.

Kodi kuyesa pa pepala kumachitika bwanji, ndipo n'kofunikadi?

N'kofunika kuposa china chilichonse patsamba lino. Musalole munthu kukhudza mpope musanachite zimenezi.

Pezani mapepala akuluakulu, osachepera mita imodzi mbali zonse. Makatoni a firiji kapena a matiresi amagwira ntchito bwino. Akhomeni pamalo pamene kumbuyo kuli chulu kapena khoma la dothi, kopanda njira ya anthu ndi ziweto. Jambulani kadontho pakati, yezani mayadi 40 ndi tepi, osati ndi maso, n'kuwombera kamodzi ndi mpope wa kumanja. Lembani pakona: mpope, katiriji, mtunda. Sinthani pepala. Mpope uliwonse uwombere mapepala osachepera asanu, chifukwa makatiriji awiri a m'bokosi limodzi samwaza mofanana.

Mukafika kunyumba yalani pepala pansi. Musajambule bwalo mozungulira kadontho kaja. Yang'anani pamene njere zawirira kwambiri, khomani msomali pamenepo, mangani chingwe cha mainchi 15 ndi pensulo kumapeto, zungulizani. Kenaka yambani kuwerenga mabowo, lililonse mukulichonga ndi cholembera kuti musalibwereze. Ndi ntchito yotopetsa maondo, ana amaikonda kuposa akulu. Katiriji ya magalamu 28 ya nambala 6 ya ku England (nambalayi ndi kukula kwa njere: ikachepa, njere zimakula) imakhala ndi njere pafupifupi 270. Mukapeza 190 m'bwalomo, mpopewo ndi full ngakhale chidindo chinene zina. Mukapeza 160 ndi half, 135 ndi improved cylinder.

Mukatero bwerezaninso pa mtunda umene inuyo mumaphera mbalame, kaya ndi mayadi 22 kaya 28. Pano musawerenge. Ingoyang'anani ngati pali mipata imene nkhwali ingadutsemo osakhudzidwa. Ine ndimadula katoni kofanana ndi thupi la mbalame yopanda nthenga n'kumakayendetsa papepalapo. Pamene kakukwana popanda bowo, pamenepo mbalame ikanapita.

Chomaliza, onani ngati mipope yonse iwiri ikulasa malo amodzi, ndipo mapepalawo muwasunge. Adzafunika pa funso lomaliza.

Ndi choki yanji yoyenera mbalame iti?

Posaka moyenda ndi galu, mbalame zikudzuka pafupi, improved cylinder kumanja ndi half kumanzere ndi zimene alenje ambiri a ku Britain akhala akukonda kwa zaka zambiri. Amene amayamba nyengo ndi grouse pa 12 Ogasiti, kapena partridge, nkhwali ya kuno, pa 1 Seputembala, mbalame zikadali zazing'ono ndi zosachenjera, safuna zoposa pamenepo. Pheasant wa mu Januwale wouluka pamwamba pa chigwa ku Devon kapena ku Wales ndi wina: ameneyo amafuna half ndi three-quarter, mwinanso full.

Ku America, osaka ruffed grouse ndi woodcock m'nkhalango zowirira za ku Maine kapena Minnesota amawombera pafupi kwambiri, mbalame ikungooneka kamphindi pakati pa mitengo. Ambiri amatsegula mpaka cylinder kapena ma thou 5 kumanja ndi 10 kumanzere. Osaka pheasant m'zigwa za South Dakota, kumene mphepo imadzutsa mbalame patali, amasiya 10 ndi 20 kapena kuposa.

Za kwathu ndinene motere. Zinziri ndi nkhwali zobisala m'udzu zimafuna mpope wotseguka. Nkhanga ayi. Nkhanga imathamanga kaye, imadzukira patali, nthenga zake ndi zolimba, ndipo yolasidwa pang'ono imalowa m'tchire osaipezanso. Amene amasaka nkhanga m'minda ya chimanga ku Free State kapena m'zisala za kwathu pambuyo pokolola asathamangire kutsegula mpope wa kumanzere. Quarter ndi three-quarter, ndi njere za nambala 4 kapena 5, ndi zimene ine ndingasankhe. Ngati mfuti yanu ndi ya half ndi full ndipo nyama yanu ndi nkhanga, mwina tsegulani wa kumanja wokha, winayo musiyeni.

Kodi pali njira yomwazira njere popanda kuchotsa chitsulo?

Ilipo, ndipo yambani ndi imeneyi. Makatiriji a chinkhupule cha ulusi nthawi zambiri amamwaza kuposa a kakapu ka pulasitiki. Njere zofewa za makatiriji otchipa zimamwazikanso msanga kuposa zolimba za mpikisano. Palinso makatiriji opangidwira dala kumwaza, otchedwa spreader, amene ali ndi kanthu pakati pa njere kozikankhira m'mbali, ndipo amatha kutsitsa choki ndi sitepe imodzi kapena kuposa. Ikani yotere kumanja, yawamba kumanzere, mwapeza mfuti ina popanda kuwononga kanthu.

Vuto lake ndi kupezeka. Kumene sitolo ya makatiriji ili imodzi ndipo mumagula zimene zilipo, njirayi siyodalirika. Samalaninso kutalika kwa katiriji: mfuti zambiri zakale za ku Britain chipinda chake cholowamo katiriji ndi cha mamilimita 65, ndipo katiriji ya 70 imalowa bwinobwino koma si yake.

Mmisiri amatsegula bwanji choki?

Amayamba ndi kuyeza bowo, choki ndi kuchindikala kwa khoma la mpope. Kenaka amatenga chopalira chotchedwa reamer, chokhala ndi chitsogozo chokwana ndendende m'bowo, n'kuchilowetsa kuchokera kumbuyo kwa mpope. Chitsogozocho ndiye mwini nkhani: chimachititsa kuti chopalira chidye mofanana mbali zonse, motsata mzere wa bowo. Amapala pang'ono, mafuta ali thithithi, n'kutulutsa, kupukuta, kuyeza. Pomaliza amasalaza ndi mwala wonolera mpaka mizere itatha.

Mmisiri wabwino amaima asanafike pa nambala imene mwagwirizana, n'kukuuzani kuti mukawombere pepala kaye. Ngati mukufuna ma thou 10, aime pa 14 kapena 13. Kubwerera kukachotsa atatu kapena anayi otsalawo ndi ntchito ya mphindi zochepa, pomwe kubwezera atatu amene achoka mopitirira ndi nkhani ya funso lina m'munsimu.

Mipope yambiri ya ku Italy ndi ya Baikal ili ndi chromium mkati. Ndi yolimba kwambiri moti imabunthitsa chopalira wamba, choncho imafuna cha carbide, ndipo amisiri ena amaikana kapena kukweza mtengo. Funsani musanatumize mfuti.

Kodi sindingachite ndekha ndi tupa kapena sandipepa?

Ndinaona ndi maso anga mmene zimathera. Malume anga anali ndi mfuti ya ku Spain, ya half ndi full, ndipo ankadandaula kuti ikuphwanya nkhwali. Anaipereka kwa mmisiri wina wa zitsulo pa boma, munthu waluso ndithu pa mawindo ndi ngolo. Iye anamanga mipope pa vayisi, anakulunga sandipepa pa kamtengo, anakalowetsa pa drill n'kuyamba kupala kuchokera pakamwa. Inabwera ikuwala ngati galasi, malume akumwetulira.

Nyengo imeneyo sanaphe kanthu ndi mpope wa kumanja. Ankati maso akalamba. Nditapita kutchuthi tinakhoma katoni pa chulu kuseri kwa dimba, ndipo njere zonse zinagwa kumanzere kwa kadontho, pafupifupi mkono wathunthu. Titayang'ana pakamwa padzuwa, khoma la mbali imodzi linali lopyapyala kuposa linzake, bowo lasanduka ngati dzira. “Mphwanga, ndiye kuti chaka chonsechi ndimawombera mphepo?” Ndinangoti eya, malume.

Dzanja la munthu silingagwire kamtengo mowongoka mpaka pa muyezo wa thou. Kumene chitsulo chadyeka kwambiri, njere zimakhoterako.

Nanga kungodula mipope kuti choki ichoke?

Musatero. Choki yonse imachokadi, chifukwa imakhala m'mainchi ochepa omalizira, koma mumataya zambiri. Mipope ya side by side siyendera limodzi ngati njanji. Imayandikirana kuchokera kumbuyo mpaka kukhudzana pakamwa, kuti njere za yonse iwiri zikakumane chapatali, nthawi zambiri pa mayadi 40. Mukaidula, pakamwa pamatsala mpata wofunika kutsekanso, mfuti imapepuka kutsogolo n'kusiya kuyenda bwino m'manja, ndipo wogula aliyense wodziwa amazindikira msanga.

Palinso lamulo. Ku Britain kufupikitsa mpope wa chifefe kuchepera mainchi 24 ndi mlandu, ndipo ku America malire ndi mainchi 18.

Kodi n'zotheka kuika machoki omanga ndi kumasula pa mfuti yakale?

Pa mfuti zambiri n'zotheka. Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi Teague ku England ndi Briley ku Houston, ku Texas. Amapala mkati mwa pakamwa, kudula mazinga osaya kwambiri, n'kupanga timachubu topyapyala tokwana mpope umenewo wokha. Kunja simuona kusintha. Mukatero mfuti imodzi imatha kusaka zinziri m'mawa ndi nkhanga madzulo.

Koma si mpope uliwonse umene ungalole. Mfuti zopepuka za ku Britain zili ndi makoma opyapyala pakamwa, ndipo ngati chitsulo chozungulira mazinga sichikwana, mmisiri woona mtima amakana. Chodabwitsa n'chakuti mfuti ya full ndi full ndiyo yosavuta, chifukwa choki yothinayo ndi chitsulo chochuluka chogwirirapo ntchito. Mukayamba mwatsegula, mwina mwadzitsekera khomo limeneli. Choncho sankhani njira imodzi musanayambe.

Mtengo wake umaposa wa kutsegula kangapo, ndipo pa mfuti yotchipa ungapose mtengo wa mfutiyo. Timachubuto timafunanso chisamaliro: kumasula, kupukuta, kupaka girisi, ndi kuona kuti tamangika musanawombere. Kachubu kolekerera kamalola mpweya kulowa kumbuyo kwake ndipo kangatupitse mpope. Ine ndaona kuti ambiri amene amaika machoki asanu amasinthasintha mwezi woyamba, kenaka amasiya quarter ndi half mpaka kalekale.

Ndinatsegula mopitirira. Kodi choki ingabwezeretsedwe?

Pang'ono pokha. Njira yakale ndi imene amati jug choke: mmisiri amakulitsa bowo pang'ono chakumbuyo kwa pakamwa, kwa mainchi angapo, kuti njere zitambasuke kenaka zithinenso potuluka. Imabweza ma thou ochepa, mwina kuchoka pa cylinder kufika pa improved cylinder kapena quarter, ndipo imadya khoma pamalo pamene ndi lopyapyala kale. Amisiri ambiri safuna khoma lochepera ma thou 20 paliponse. Njira ina ndi machubu a funso lapitali, ngati chitsulo chilipo. Yotsiriza ndi kuika mipope yatsopano, imene pa mfuti wamba ndi kugula ng'ombe kuti mupeze chingwe.

Kodi njere za chitsulo zikusintha chiyani pa nkhaniyi?

Zikusintha zambiri, ndipo n'chifukwa chake amisiri a kuno ali ndi mizere ya mipope yodikira. Mtovu ndi poizoni kwa mbalame zimene zimautola pansi ndi kwa zimene zimadya nyama yolasidwa. America inauletsa posaka mbalame za m'madzi mu 1991, Denmark inaletsa njere za mtovu mu 1996, California inauletsa pa kusaka konse mu 2019. Ku Britain mabungwe a alenje, kuphatikizapo BASC, anapempha mu 2020 kuti anthu ausiye mwa kufuna kwawo pa zaka zisanu, ndipo mu 2025 boma linalengeza kuti liuletsa mwalamulo.

Mtovu ndi wofewa, ukafika pa choki umafinyika. Chitsulo sichifinyika. Njere zachitsulo zikapanikizana pa choki yothina zimatha kutupitsa mpope mozungulira, kakhosi kamene mumakamva ndi chala kumbuyo kwa pakamwa. Pa side by side kutupako kungamasulenso nthiti zolumikiza mipope, zimene pa mfuti zambiri zakale anangozimata ndi mtovu wowotcherera. Langizo la ambiri ndi lakuti choki isapose half, ndipo pa mfuti yakale yopepuka ena amati quarter. Makatiriji achitsulo amphamvu, olembedwa high performance, ndi a mfuti zokhala ndi chidindo cha duwa la fleur-de-lys zokha. Mipope ya Damascus, ija yooneka mizeremizere ngati nsalu, isalawe chitsulo.

Chotonthoza n'chakuti chitsulo chimawirira kuposa mtovu, choncho half ya chitsulo imawombera mothina kuposa dzina lake. Amene safuna kukhudza mfuti yawo amagula makatiriji a bismuth, amene ndi ofewa koma okwera mtengo kwambiri.

Kodi malamulo amati chiyani pa kusintha choki?

Ku Britain mfuti iliyonse yogulitsidwa iyenera kukhala ndi chidindo chovomerezeka cha nyumba yoyesera mfuti, ya ku London kapena ya ku Birmingham imene inakhazikitsidwa mu 1813, kapena cha dziko lina lovomerezeka. Kutsegula choki wamba sikufafaniza chidindocho, chifukwa bowo amaliyezera pa mainchi 9 kuchokera kumbuyo. Kudula mazinga a machubu kumafuna kuti mfuti ikayesedwenso, ndipo makampani ochita ntchitoyi amaitumiza okha.

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa, chofunika choyamba ndi chakuti mfutiyo ikhale ndi chilolezo m'dzina lanu. Mfuti ya malemu siisanduka yanu chifukwa choti ili m'nyumba mwanu, pitani kupolisi mukalongosole. Kusaka mbalame nakonso kuli ndi chilolezo chake chochokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Mipope musaipereke kwa munthu amene alibe chilolezo chokonza mfuti, ndipo musaitumize kunja kwa dziko popanda mapepala.

Kodi mtengo wa mfuti umatsika ikasinthidwa?

Zimatengera mfuti. AYA No. 4, Webley & Scott 700 kapena Baikal ndi makasu ogwirira ntchito. Kutsegula bwino kuchoka pa full kufika pa half sikuitsitsa, ndipo masiku ano a njere zachitsulo ogula ena amakondwa nazo. Purdey, Holland & Holland, Boss, kapena Parker ya giredi yapamwamba imene sinakhudzidwepo ndi nkhani ina. Mabuku a opanga amasunga choki imene mfuti inatuluka nayo, osonkhanitsa mfuti amafufuza, ndipo amalipira chifukwa cha kusakhudzidwako. Yotere isiyeni, mugule ina yotchipa yopita nayo kutchire.

Mfuti yabwera kuchokera kwa mmisiri. Ndiyang'ane chiyani?

Yambani ndi pakamwa. Imikani mipope padzuwa, muone ngati khoma lili lochindikala mofanana kuzungulira bowo lonse. Suzumirani mkati kuchokera kumbuyo: pasakhale mizere yozungulira kapena sitepe pamene chopalira chinayambira. Kenaka kolekani mipope pa chala ndi kachingwe, muigogode pang'ono ndi chikhadabo kapena pensulo. Ikalira ngati belu, nthiti zili bwino. Ikalira ngati mphika wosweka, china chamasuka, ibwezeni. Pemphani mmisiri akulembereni manambala, bowo ndi pakamwa, mpope uliwonse.

Kenaka tulutsani mapepala akale aja, mubwerere pa chulu chomwe chija ndi makatiriji a mtundu womwewo. Muyerekeze zinthu ziwiri: kuchuluka kwa njere m'bwalo, ndi malo amene pakati pa njere pagwera. Choyambacho chiyenera kusintha, chachiwiricho ayi. Ngati mpope umodzi wasuntha, mmisiri angathe kuukokera pang'ono pochotsa chitsulo mbali imodzi mwadala, bola choki ikhale itatsalako. Ngati mipope yonse iwiri ikugwera mbali imodzi mofanana, ndipo mapepala akale akusonyeza zomwezo, vuto si choki. Ndi thabwa la kumbuyo limene silikukwana phewa ndi tsaya lanu, ndipo wokonza zimenezo ndi mmisiri wa matabwa a mfuti, amene amalipinda ndi mafuta otentha kapena kuwonjezera kutalika kwake.